Ndowa Yoyera ndi Mgolo wa Nkhumba

Dyna anatuluka m'khitchini manja ali thovu lokhalokha, atamva chivindikiro chikugubuduzika pasimenti. Zimene anaona kuseriko zinamuimitsa mutu. Millie anali atatukula ndowa yoyera, akukhuthulira mpunga mumgolo wa nkhumba. Mpunga wabwinobwino, woti sunakhudzidwe ndi dzanja la munthu, nandolo wake pamwamba, zonse zinkatsetsereka kukagwera pa mafupa otafunatafuna ndi madzi osamba m'manja.

"Iwe, ukuchita chiyani?"

"Maso uli nawo," anayankha Millie, uku akumenya ndowa kutako kuti ndi njere yomaliza yomwe igwe.

Kuseri kwa lesitilanti ya a Doris, pa Boma pa Mulanje, kunali lamulo limodzi limene Dyna anakhazikitsa yekha chiyambireni ntchito yophika pamalopo. Makombo a m'mbale za makasitomala ankapita mumgolo wabuluu, umene a Chester, bambo ake a Millie, ankadzanyamula kukadyetsa nkhumba zawo ku Chonde. Koma chotsala mumphika nkhomaliro ikatha, chija sichinaone tebulo, chinkalowa mundowa yoyera yovindikira. Ndowa imeneyo inkapita kushedi ya kuseri kwa chipatala, kumene kumagona amayi odwazika matenda, ena ufa utawathera kalekale koma wodwala wawo osatulutsidwa.

Wonyamula Dyna panjinga yamoto, ndowa ili pakati pawo, anali Kingstone, mwana wa a Doris. Chikondi chawo chinamera pamaulendo amenewa, ndipo Loweruka likubwerali a Yosefe, amalume ake a Kingstone, anayenera kupita ku Limbuli kukafunsira mbeta kwa amalume ake a Dyna. Boma lonse linkadziwa. Millie ndiye ankadziwa kuposa aliyense, poti iyeyo anayamba kumusirira Kingstone akadali pasukulu, ndipo mpaka lero mtima unali usanagonje.

"Chimenecho ndi chakudya cha anthu," anatero Dyna.

"Amayi anena okha kuti kuyambira lero zonse ndi za nkhumba. Ziweto zathu zikuwonda, iwe uli kalikiliki kunenepetsa dzina lako kuchipatala."

"Amayi? Akhala amayi ako liti?"

Millie anangoseka, n'kumuponyera ndowa yopanda kanthu kumapazi. "Ndi yako iyo. Uitsuke, paja ntchito yako ndi imeneyo."

Chimene chinapulumutsa Millie tsiku limenelo ndi sopo, chifukwa dzanja loterera silikanagwira wigi yake bwinobwino. Dyna anapukutira manja muepuloni n'kulunjika kutsogolo. A Doris anali pakauntala, akupukuta magalasi awo ngati palibe chachitika.

"Mayi, ndi zoona kuti mwalamula ndinu?"

"Mphika ndi wa ndani?"

"Ndi wanu, mayi. Koma munandilola nokha."

"Ndinakulola, lero ndakuletsa. Pakamwa ndi pomwepa. A Chester chaka chilichonse amatipatsa nkhumba ya Khirisimasi chifukwa cha mgolo umenewo, ndiye akudandaula kuti masiku ano ukumafika wopepuka. Azimayi akowo anandipatsapo chiyani?"

"Akudikira ndi mbale m'manja, mayi. Ena sanalawe kanthu chidzukire."

"Ine si boma," anatero a Doris, n'kuvala magalasi aja kuti amuone bwino. "Usanalowe n'komwe m'banja muno wayamba kale kugawa zanga. Ukadzalowa udzagawa ndi malata omwe."

Yankho linafika pakamwa pa Dyna, lotentha, loti likanatuluka ukwati ukanathera pakauntala pomwepo. Anakumbukira za Loweruka, n'kulimeza.

*

Kingstone anafika akuimba likhweru, chipewa cha njinga chili m'khwapa. Anapeza Dyna akukwecha ndowa ngati kuti ndowayo ndiyo yalakwa. Atamva nkhani yonse, likhweru linatha.

Mnyamata ameneyu anali wa mtima wabwino, palibe angatsutse. Vuto lake linali lofuna kuti aliyense azimusekerera. Nkhope ya amayi ake ikakwinyika ankasowa mtendere, Dyna akalengeza misozi ankasowanso mtendere, ndiye moyo wake wonse unali wothamanga pakati pa anthu awiriwa.

"Usalire," anatero, akumugwira phewa. "Tsogola ukawauze asabalalike. Ndikupeza ndi chakudya."

"Uchitenga kuti?"

"Ndine mwana wa pakhomo pano. Pali mphika wa madzulo. Amayi aja ndikudziwa powagwira."

"Kingstone, ukawauzadi m'maso muli gwa?"

"Chifukwa cha iwe ndingalimbane ndi phiri lonseli," anatero, akuloza Mulanje ndi chipewa chija.

Dyna anaseka asakufuna. Anamusiyira ndowa n'kuuyamba wapansi.

*

Kushedi mbaula zoyaka zinali zowerengeka. Ena onse anangokhala pazitenje zawo, mbale pamiyendo, maso kumsewu. Woyang'anira mzere anali mayi Abida, Msilamu wa ku Limbuli komweko, amene ankadwazika amuna awo chiyambire mvula. Mayi ameneyu poyamba ankaikana ndowa ya Dyna kwamtuwagalu. Anadzalola Dyna atalumbira pamaso pa shedi yonse kuti chakudyacho ndi cha mumphika, si makombo, ndiponso kuti nyama ya nkhumba pa lesitilanti paja ili ndi mphika wakewake ndi chipande chakechake. Tsiku limene mayi Abida anatambasula mbale yawo, anzawo onse a chipembedzo chawo anatambasulanso.

"Lero mwachedwatu, mwanangu."

"Chikubwera, mayi. Panali kovuta pang'ono."

Sipanatenge nthawi, njinga inamveka. Kingstone anatsitsa ndowa yodzaza, injini osazimitsa, n'kunena kuti watumidwa pa Chitakale. Dyna anamuyang'ana akupita, mtima wake n'kusungunuka. Anadzidzudzula chifukwa chomukayikira. Ndiye kuti mwamuna anali naye, woti akhoza kuima pamaso pa a Doris chifukwa cha iye.

Anavundukula ndowa. Mpunga unali wosakanikirana ndi nandolo, wonyowerapo, koma anaganiza kuti ndi mabampu a mumsewu. Anayamba kugawa, mbale ndi mbale, akuseka ndi aliyense.

Mayi Abida ndiwo anayamba kuleka kutafuna. Anapisa zala m'kamwa n'kutulutsa kamtengo kotokosera m'mano, kotafunidwa kale kunsonga. Pafupi nawo, mayi wina dzina lake Rosie anafukula mpunga wake ndi chala, n'kutukula m'mwamba chikopa cha nkhumba, ubweya wake uli pomwepo, mano a munthu akuonekera pamene analuma.



Mayi Abida anaika mbale pansi mwaulemu ngati ndi ya mwini. Anapita pampope n'kuyamba kuchukucha m'kamwa, kulavula, kuchukuchanso, mpaka anawerama n'kusanza. Atabwerako, mpango uli wonyowa, anaima patsogolo pa Dyna.

"Mayi, ine sindimadziwa. Ndikulumbira..."

"Usalumbirenso. Tinakupempha ife?" Mawu awo anali otsika, koma aliyense anawamva. "Njala tinali nayo usanabwere, ndipo tinkagona nayo ulemu wathu uli pomwepo. Unabwera wekha, unalumbira wekha. Ine chibadwire sindinalawepo chinthu chimenechi. Lero ndameza msuzi wake, wondipatsa ndiwe."

"Ndipo si Asilamu okha ayi," anatero Rosie, akugwetsera chikopa chija mundowa. "Ife nkhumba timadya, koma osati yolavula munthu."

Mmodzimmodzi anadzuka kudzabweza mpunga mundowa. Palibe anatukwana, ndipo Dyna ankalakalaka akanangomutukwana. Kumapeto kwa shedi kunali gogo wina amene anatembenukira kukhoma, mbale atabisa m'chitenje, n'kumapitiriza kudya. Ameneyo ndiye anamuliza Dyna.

*

Foni inalira ali m'njira, ndowa pamutu. Unali uthenga wa Kingstone: "Adya? Wauona ukatswiri wa mwamuna wako?"

Dyna anayankha pomwepo: "Undipeze pamlatho. Pompano."

Pofika Kingstone, Dyna anali atakhala pakhoma la mlatho, kumbuyo kwake minda ya tiyi ili biriwiri. Kingstone anatsika panjinga akumwetulira, koma kumwetulirako kunathera panjira. Dyna anamukankhira ndowa kumapazi n'kuchotsa chivindikiro.

"Idya."

"Bwanji kodi?"

"Ndati idya. Si cha mumphika wa madzulo chimenechi? Tapa ndikuone."

Kingstone anayang'ana mundowa, anayang'ana mumtsinje, anayang'ana nsapato zake. Nkhope ya Dyna yokha ndi imene maso ake anaizemba.

"Amayi sindinawafunse," anatero potsiriza. "Unawaona wekha mmene analili. Ndikanatani? Ndinangotapa pamwamba, Dyna. Pamwamba panali poyera, mpunga womwe uja unali utangothiridwa kumene."

"Mumgolo wa nkhumba."

"Pamwamba pokha. Millie ananena kuti palibe angadziwe, mpaka anandithandiza kutapa ine nditagwira ndowa."

"Millie." Dyna anaseka, kuseka koopsa kuposa kulira. "Iwe unagwira ndowa, Millie n'kumatapa. Ndipo sunadabwe kuti chifundo chimenechi chamugwera liti? Unaona kumene chipande chake chimafika?"

"Ndimafuna usapite chimanjamanja. Ndimafuna usangalale. Ndiponso anthu aja ndi anjala, sindimaganiza kuti angafufuze."

"Bwereza."

Kingstone anazindikira kuti waponda pamoto, koma mawu anali atatuluka kale.

"Ndati bwereza, ndimve bwino. Munthu akakhala ndi njala ndiye kuti wasanduka chiweto? Ine ndinakula ndi mayi othyola tiyi, iwe. Tinkadya kamodzi patsiku, tsiku lina chinangwa chowawa, koma mayi anga sanatolepo za m'mbale ya munthu kudzatipatsa. Ndiye undiuze, ndikadzakhala mkazi wako, tsiku limene ndidzakhale ndi njala udzanditapira pati?"

"Dyna, usatero. Ndalakwa."

"Usandiuze ine. Ine sindinameze kanthu. Mayi Abida asanza pampope anthu akuona. Gogo wina wadyera kukhoma ngati wakuba. Onsewo akudziwa kuti wabodza ndine." Anaimirira, n'kumuloza chala pachifuwa. "Mawa nthawi yomwe ija ubwere kushedi. Ukaime pamaso pa amayi aja, unene ndi pakamwa pako zimene wachita. Ukapanda kubwera, uwauze a Yosefe asavutike ndi ulendo wa ku Limbuli."

"Ukudziwa kuti zimenezi zikamveka lesitilanti ya amayi yatha?"

"Dzina langa latha lero, ndipo sunandifunse."

Ananyamuka, ndowa n'kumusiyira pomwepo. Kingstone anamutsatira ndi njinga pang'onopang'ono akumupempha kuti akwere, koma Dyna anayenda wapansi mpaka kunyumba osacheuka.

*

Tsiku lotsatira Dyna anaphika osayankhula ndi munthu. Mauthenga a Kingstone ankangolowa. Woyamba unali wopepesa, wachiwiri wofunsa ngati sangangolankhula ndi mayi Abida okha pambali, wachitatu wokumbutsa kuti amamukonda. Dyna anayankha umodzi wokha: "Pamaso pa onse."

Nkhomaliro itatha anapita kushedi chimanjamanja. Palibe anamupatsa moni. Anaima pafupi ndi mpope ngati mlendo wosochera, dzuwa likumuwotcha. Anamukwiyira Kingstone kuposa munthu wina aliyense, komabe nthawi zonse njinga ikadutsa kumsewu mtima wake unkadumpha.

Anali atayamba kutaya mtima pamene njinga inakhotera kushedi. Ulendo uno Kingstone anazimitsa injini. Anatsitsa thumba la mpunga wosaphika, losokedwa pakamwa, ndi lina la nandolo. Anavula chipewa, n'kugwada m'fumbi pakati pa mbaula, buluku lake labwino lija osalimvera chisoni.

"Amayi anga nonse, ndabwera kudzapepesa. Dyna alibe mlandu, sankadziwa kanthu. Kwathu kunalamulidwa kuti chakudya chonse chizipita kunkhumba, ine ndinaopa kutsutsa. Ndinatapa mumgolo wa nkhumba wa pa lesitilanti yathu n'kukubweretserani. Ndinakuyesani anthu oti simungaone. Ndinachimwa."

Mawu omalizawo anatuluka mosweka. Amayi aja anayang'anana, kenaka onse anayang'ana mayi Abida.

"Dzuka," anatero mayi Abida. "Woyenera kumugwadira ndi Mulungu, osati ine." Anayenda mpaka pathumba la mpunga, n'kuyendetsa chala pamsoko wonse kuyambira uku mpaka uko. "Uwu tiphika tokha, m'miphika yathu. Za kukhululuka undipatse nthawi, pakhosi panga pakadali powawa." Kenaka anatembenukira kumpope. "Iwe mwana, waimiranji padzuwa? Bwera ukhale apa."

Dyna anakhala pachitenje cha mayi Abida. Anayang'ana Kingstone akudzisasa fumbi m'mawondo, maso ofiira, ndipo anadziwa kuti amamukonda, ndi utsiru wake womwewo. Mkwiyo wa masiku awiri unayamba kumutsika.

Ndi pamene anaona munthu kuseri kwa waya wa mpanda. Millie anali akutsitsa foni imene anailozetsa kushedi. Anaiika m'chikwama mosafulumira, anamubayibitsa Dyna ndi zala, n'kukakwera galimoto ya bambo ake yonyamula migolo.

*

M'mawa mwake lesitilanti inali mipando yokhayokha. Nthawi imeneyo pamayenera kukhala makondakitala a minibasi akukanganirana tiyi ndi mandasi, koma munalibe ngakhale mmodzi. A Doris anakhala patebulo la pakati, foni patsogolo pawo. Pambali pawo panali a Yosefe, mchimwene wawo, chipewa chili pabondo. Kingstone anaima chotsamira khoma.

"Wafika mkazi wa chifundo," anatero a Doris. "Bwera udzamve."

Anadina foni. Pa kanema amene anajambula kushedi, Millie anali atadula zonse, kupepesa konse, n'kusiya mawu amodzi okha obwerezabwereza: "Ndinatapa mumgolo wa nkhumba wa pa lesitilanti yathu n'kukubweretserani." Pachithunzipo Kingstone anali chigwadire m'fumbi.

"Zafika m'magulu onse a pafoni, kuyambira Chonde mpaka Muloza. Akuti a Doris amadyetsa anthu za nkhumba. Malo awa ndinawamanga ndi mandasi a pamutu, iwe wawagwetsa ndi madzulo amodzi."

"Wajambula ndi Millie, mayi," anatero Dyna. Ulendo uno sanameze kanthu. "Wothandiza kutapa mumgolo ndi Millie yemweyo. Ndipo mukanasiya mpunga uja upite kwa anthu, zonsezi sizikanachitika. Munasankha nkhumba ndinu."

"Ukundiyankha?"

"Ndikukuuzani zoona."

"Millie sanagwaditse mwana wanga m'fumbi. Mwana amene ine sindinamugwaditsepo, iwe usanakwatiwe n'komwe wamusandutsa choseketsa cha Boma lonse. Vula epuloni yanga."

Dyna anaimasula n'kuipinda bwinobwino. Kutha kwa ntchito sikunamupweteke kwenikweni. Maso ake anali pa a Yosefe, amene anayamba kukonza pakhosi.

"Mwana wanga," anatero mkuluyo, akuzunguza chipewa pabondo, "ine ndilibe nawe chifukwa. Koma mbumba iyi ndi yanga, ndipo sindingakatenge munthu woti akalowa m'nyumba ya mlongo wanga muzikhala nkhondo. A Chester anabwera m'mamawa. Akuti ngakhale dzina laipa chonchi, iwo sangatitaye, ndipo mwana wawo ndi wokonzeka. Loweruka ndiyenda ndithu, jekete ndachapitsa kale. Koma minibasi yake ikhala ya ku Chonde, osati ya ku Limbuli."

"Amalume..." anayamba Kingstone.

"Iwe khala chete," anadula a Doris. "Wayankhula zokwanira dzulo."

Pomwepo foni ya Dyna inalira. Anali a Austin, amalume ake a ku Limbuli. Anafuna kuidula, koma chala chinaphonya, ndipo mawu a mkuluyo, amene sadziwa kuyankhula motsitsa, anadzaza lesitilanti yonse.

"Dyna, mwana wa mlongo wanga, wadzuka? Kuno zonse zili m'malo. Nkhuku ndasankha kale, azakhali ako thobwa ayamba, abale onse ndawauza mpaka a kutsidya kwa Muloza. Ndiye tandiuza, alendo athu afika nthawi yanji Loweruka?"

Dyna anakanikiza foni pachifuwa. Anatembenukira kwa mwamuna amene dzulo lomweli anagwada pamaso pa anthu osawadziwa chifukwa cha iye.

"Kingstone, amalume akudikira. Ndiwauze chiyani?"

Kingstone anatsegula pakamwa. Koma asanatulutse liwu, maso ake anachoka pa Dyna n'kupita kwa amayi ake.